Vaneti yatsopano yadutsa miliyoni: chakwera ndi galimoto kapena chagwa ndi kwacha?

aMwale, Chiparamba
Abale, ndithandizeni kumvetsa. Zaka khumi zapitazo mlimi wa fodya kapena wogula nshawa, akakolola bwino zaka ziwiri zitatu zotsatizana, ankatha kuloza vaneti yatsopano, ija ya mapulasitiki pamipando. Lero double cab yatsopano yadutsa miliyoni, ndipo ngakhale single cab yopanda zokometsera yatithawa. Chakwera kwenikweni nchiyani? Ndi galimotoyo, ndi msonkho, kapena ndi kwacha yathu ya Zambiayi? Amene mumadziwa masamu ake tatiphwanyireni.

aTembo wowerengera ndalama
Zikomo aMwale. Zitatu zonsezo zilimo, koma tiyambe ndi kwacha. Vaneti iliyonse imene tikugula lero imachokera kunja, ndiye wogulitsa wa ku Lusaka amailipira ndi dola kapena randi. Mu 2013, chaka chimene anachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, dola imodzi inali pakati pa K5 ndi K6. Pofika kumapeto kwa 2015 inali itadutsa K10. Mu Novembala 2020, pamene dziko linalephera kulipira nkhongole ya Eurobond, inali itadutsa K20. Chisankho cha 2021 chitatha inatsikira kufupi ndi K16, anthu nkupumako, koma mu 2024 nthawi zambiri inkazungulira pakati pa K25 ndi K28.

Tsopano tiyerekeze galimoto ya madola 30,000 imene mtengo wake wa dola sunasunthe. Pa K5.40 ndi K162,000. Pa K26 ndi K780,000. Chitsulo chomwecho, matayala omwewo, koma makwacha achuluka pafupifupi kasanu, fakitale isanawonjezepo ngakhale ngwee imodzi. Amene izi zawapweteka kwambiri ndi a malipiro a pamwezi, aphunzitsi ndi anamwino, chifukwa malipiro awo sanachuluke kasanu.

Amake Tamanda, Katete
Koma aTembo, mlimi sawerenga ndi dola, amawerenga ndi matumba. Tiikireni m'matumba timve.

aTembo wowerengera ndalama
Mwafunsa bwino amayi. Mu 2013 FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K65. K162,000 ija ndi matumba pafupifupi 2,500. Mu 2024 thumba linali pa K330, ndipo K780,000 ndi matumba pafupifupi 2,360. Mukuona? Likadakhala vuto la kwacha lokha, mlimi wa chimanga akadakhala pomwe anali. Chavuta nchakuti galimoto ija siinakhale pa madola 30,000. Iikeni pa madola 45,000, pa K26 mupeza K1,170,000, matumba oposa 3,500. Matumba oposa 1,000 owonjezerawo ndiko kukwera kwenikweni kwa galimoto. Madola ndatchulawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke, aliyense aikepo mtengo umene wapatsidwa.

Amake Tamanda, Katete
Pamenepo ndikana pang'ono. K330 ija inabwera m'chaka cha chilala, chija Pulezidenti analengeza mu Febuluwale kuti ndi ngozi ya dziko lonse. Mtengo unalipo, matumba ndiwo kunalibe. Komanso thumba silimera lokha. Fataleza, mbewu ndi mankhwala a udzu zonse zimayendera dola yomweyo. Muziwerenga chotsala m'manja, osati mtengo wa pa sikelo. Mlimi amene amatsala ndi gawo limodzi mwa atatu akachotsa zolowa, afunika matumba oposa 10,000 kuti afike pa K1,170,000. Ngakhale atakolola matumba 100 pa hekitala, zimene ndi zokolola za katswiri, ndi mahekitala oposa 100. Ndani ali nawo ku Kagoro?

aTembo wowerengera ndalama
Ndagonja amayi, mwandigwira pakamwa.

aJere, ejenti wa pa Mwami
Monga ejenti wolowetsa katundu pa boda ya Mwami, ndilowepo pa msonkho, chifukwa ambiri amauwerenga molakwika. Amaphatikiza maperesenti onse nkuchulukitsa kamodzi. ZRA, bungwe lotolera misonkho, sichita tero, misonkho imaberekana kumsana. Poyambira ndi mtengo wa galimoto kuphatikiza ndalama yoinyamulira ndi inshuwalansi ya pa ulendo, umene pa fomu umatchedwa VDP. Pa VDP amaikapo customs duty. Excise amaiwerengera pa VDP yophatikiza ndi customs duty ija. VAT ya 16 peresenti imabwera pomaliza, pamwamba pa zonse.

Titenge VDP ya K500,000, customs 15 peresenti, excise 10 peresenti. Customs ndi K75,000. Excise ndi 10 peresenti ya K575,000, ndiye K57,500. VAT ndi 16 peresenti ya K632,500, ndiye K101,200. Misonkho yonse yakwana K233,700, pafupifupi 47 peresenti, osati 41 imene munthu amapeza akangophatikiza 15, 10 ndi 16. Ndipo popeza VDP imasandutsidwa kwacha pa mtengo wa dola wa nthawi yolowetsa galimoto, kwacha ikagwa msonkho umakwera wokha, a ku nyumba ya malamulo asanakhudze kalikonse. Maperesenti enieni amadalira HS code, nambala ya gulu la katundu, imene galimoto yagweramo. 8704 ndi ya zonyamula katundu, 8703 ndi ya zonyamula anthu, ndipo bajeti ya chaka ndi chaka imatha kuwasintha. Musanatumize ndalama kulikonse, ejenti akulembereni HS code ndi maperesenti papepala.

aMwale, Chiparamba
Nanga zija amati ya ku Joni msonkho wake umatsikako, nzoona?

aJere, ejenti wa pa Mwami
Nzoona, koma ili ndi pogwirira pake. Galimoto yopangidwa m'dziko la SADC, ikakwaniritsa malamulo a komwe inapangidwira ndipo ikabwera ndi satifiketi yake, customs duty imachoka. Excise ndi VAT zimatsala. Pa chitsanzo chija, excise ikhala K50,000, VAT K88,000, zonse K138,000. Mwapulumutsa K95,700 chifukwa cha pepala limodzi. Nchifukwa chake mavaneti ambiri atsopano amene tikuwaona mu Umodzi Highway ndi a ku South Africa: Hilux imapangidwa ku Prospecton, Durban, Ranger ndi Amarok yatsopano ku Silverton, Pretoria, D-Max ku Gqeberha, kuja tinkati Port Elizabeth. Land Cruiser 79 ndi ya ku Japan, Triton ndi ya ku Thailand, mwayi umenewu zilibe. Chenjezo langa: satifiketiyo imatuluka kudzera kwa wotumiza katundu wolembetsedwa. Musaganize kuti galimoto iliyonse ya manambala a GP, a ku Joni, ili nayo.

aTembo wowerengera ndalama
Ndiwonjezepo cha amene ali ndi kampani yolembetsa VAT. Mukagula single cab yogwirira ntchito, VAT ija mumatha kuibweza pa ritani yanu. Pa twin cab, ndiyo double cab ija, monga pa saluni, lamulo sililola. Pa galimoto ya K1,160,000, VAT yokha ndi K160,000. Zitseko ziwiri zakumbuyozo zimadula kuposa mmene zimaonekera.

aZulu, makanika wa ku Kapata
Akuluakulu mwanena za ndalama, ine ndinene za chitsulo. Chimene tikuchitcha Hilux lero si chimene chinkatchedwa Hilux mu 2000. Chatsala ndi dzina lokha. Injini zakale zija, 3L ya malita 2.8 ndi 5L ya malita 3.0, zinalibe turbo. Zinali ndi pampu ya dizilo yoyendera lamba, ndi manozo otseguka pa mphamvu yosafika mabaa 200. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango ankaiphwasula ndi masipanala anayi, 10, 12, 14 ndi 17, madzulo nkuyiliza.

Mu 2005 kunabwera injini za D-4D, 2KD ya malita 2.5 ndi 1KD ya malita 3.0. Zimenezi zinabwera ndi kompyuta, turbo ndi common rail, paipi imodzi yosunga dizilo wopanikizidwa wa mainjekita onse. Mu 2016 kunafika GD-6, 2GD ya 2.4 ndi 1GD ya 2.8, imene dizilo wake amapanikizidwa kupitirira mabaa 2,000. Kuti chitsulo chipirire mphamvu yotero osadontha, mpata wa mkati mwa injekita umakhala wochepa kwambiri kuposa tsitsi la munthu, ndipo injekita iliyonse ili ndi nambala yake imene imalowetsedwa mu kompyuta ya injini. Chinthu chotero sichipangidwa ndi mtengo wa nozo ya 5L.

Ndiye werengani zimene zawonjezeredwa: intercooler, valavu ya EGR, turbo ya mapiko osinthasintha, magiya sikisi m'malo mwa faifi, ABS, ma airbag, kompyuta yoletsa kuterereka, kamera, sikirini, ndi batani la 4x4 m'malo mwa kandodo kaja tinkakoka. Chilichonse chili ndi sensa yake ndi nthambo zake. Enanso achita chimodzimodzi. Ranger inabwera ndi 2.0 ya ma turbo awiri ndi giyabokosi ya magiya 10 mu 2019, kenako V6 ya malita 3.0 mu 2022. Isuzu KB inasanduka D-Max mu 2018, lero ili ndi 1.9. Ngakhale Land Cruiser 79, gogo wathu uja wa injini ya 1HZ, tsopano akupezeka ndi 2.8 ya automatic. Mu 2024 Hilux ina inayamba kubwera ndi batire ya mavoti 48 yothandizira injini. Matumba 1,000 aja aTembo anena ali m'zinthu zimenezi.

aBanda, Lundazi
aZulu, musaiyimbe kwambiri 5L ngati inali mngelo. Inkatulutsa pafupifupi makilowati 70 ndi torque, mphamvu yokoka, ya pafupifupi 200. 2.4 GD-6 imapereka makilowati 110 ndi torque 400, ndipo 2.8 ya kuyambira 2020 imafika makilowati 150 ndi torque 500 pa automatic. Ikani tani imodzi kumbuyo kwa 5L mukwere nayo mapiri a Kacholola kapena Manenekela, muyenda ndi giya 2, singano ya kutentha ikukwera, mabasi akukuimbirani hutala. Yatsopano imakwera osapuma wefuwefu.

Komanso moyo. Mu 2018 a Global NCAP, oyesa chitetezo cha magalimoto, anagunditsa Nissan NP300 Hardbody yogulitsidwa muno mu Africa, inapeza nyenyezi ziro pa chitetezo cha anthu akuluakulu, ngakhale inali ndi ma airbag awiri. Kabini inapindika. Vaneti ija inali yotsika mtengo chifukwa mapangidwe ake anali akale. Chitsulo cholimba cha kabini ndi kompyuta yoletsa kuterereka zimadula, koma pa msewu wa Lundazi, pamene ng'ombe imatulukira usiku osagogoda, ndalama imeneyo siinatayike.

aZulu, makanika wa ku Kapata
Sindikutsutsa achimwene, za chitetezo mwalasa. Mfundo yanga ndi yakuti mtengo wa yatsopano suthera pa tsiku logula. Imafuna kusamalidwa mwa njira yake, ndipo ukalakwitsa kamodzi umalipira ndalama ya galimoto ina yakale. Ndilembe zimene zimapha mainjini amenewa kuno kwathu.

Choyamba ndi madzi ndi fumbi mu dizilo. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA imabweretsa dizilo wa sulufule wochepa, ndiye wa pa filling station ali bwino kuposa kale. Wovuta ndi wa m'zigubu ndi m'migolo, uja amagulitsa m'mbali mwa msewu. Mgolo ukagona panja, usiku umachita thukuta mkati, madzi nkukhala pansi. Madzi amenewo akafika pa pampu ya common rail amachotsa mafuta otereretsa, pampu imayamba kudzipala, tizitsulo tating'ono ngati nsenjere timalowa mu rail ndi m'mainjekita onse anayi. Zikatero simusintha injekita imodzi. Mumasintha pampu, mainjekita onse, nkutsuka thanki ndi mapaipi. Mukasiya kachitsulo kamodzi, zatsopanozo zifanso. Nyali ya sefa ya dizilo ikayaka, imani pomwepo, masulani kampopi ka pansi pa sefa, popani ndi dzanja pamwamba mpaka madzi atha nkuyamba kutuluka dizilo woyera. Ngati simungachitire mwina koma kugula wa mumgolo, musiyeni adikhe usiku wonse, mutunge wa pamwamba, wa pansi muphikire phula.

Chachiwiri ndi sefa ya mphepo. Pa msewu wa Vubwi kapena wa Chama mu Okutobala, sefa imadzaza isanafike nthawi ya sevisi. Anyamata amakonda kuipopa ndi kompuresa. Mphepo yamphamvu imaboola pepala timabowo tosaoneka, fumbi limadutsa, limadetsa sensa ya mphepo, limadya mapiko a turbo ndi maring'i. Igogodeni pang'ono ndi dzanja, ikakana isintheni. Pukutaninso mkati mwa bokosi lake ndi nsalu yonyowa musanaike yatsopano.

Chachitatu ndi oyilo, ndipo pano injini iliyonse ili ndi khalidwe lake. Pa 1KD, mawasha a pansi pa mainjekita akayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo, makala amatseka kasefa ka pampu ya oyilo mu sampu, injini nkugwira. Pa sevisi unikani ndi tochi pabowo lokhetsera oyilo muone ngati kasefako kali koyera. Lamba wa timing wa 1KD ndi 2KD amasinthidwa pa makilomita 150,000. GD ili ndi tcheni. Pa Ranger 2.2 ndi 3.2 musasiye oyilo akukha kupitirira mphindi 10, chifukwa pampu yake ikauma imalephera kukokanso, mukaliza injini imayenda yopanda oyilo. Konzani sefa ndi oyilo watsopano pafupi musanamasule bawuti. Ranger 2.0 lamba wake wa timing amayenda mkati mwa oyilo, ndiye oyilo wolakwika amamufewetsa, zidutswa zake nkukatseka pampu. Uja wa mumgolo wa SAE 40 timathira mu Canter yakale asayandikire.

Amake Tamanda, Katete
Eee aZulu, ndiye vaneti ya masiku ano ndi mpongozi wa m'tauni, sadya nsima ya mgaiwa.

aZulu, makanika wa ku Kapata
Amadya amayi, bola isefedwe kawiri.

NaPhiri wa za nkhongole
Ndikumbutse za chiwongoladzanja, chifukwa ochepa amagula ndi ndalama ya m'thumba. Mabanki athu akhala akubwereketsa kwacha pamwamba pa 25 peresenti pachaka. Tiyerekeze mwaika dipoziti, mwabwereka K800,000 pa 28 peresenti kwa zaka zisanu. Mwezi uliwonse mubweza pafupifupi K24,900. Zaka zisanu zikatha mwapereka pafupifupi K1,495,000, ndiye chiwongoladzanja chokha chatsala pang'ono kukwana K700,000. Banki idzafunanso inshuwalansi ya comprehensive nthawi yonse ya nkhongole. Ngakhale titaika 4 peresenti pa galimoto ya miliyoni, ndi K40,000 pachaka, musanathire dizilo.

Vuto la mlimi ndi lakuti banki imafuna mwezi ndi mwezi, pamene iye ndalama amaiona kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Januwale ndi Febuluwale vaneti ilibe katundu, koma K24,900 ikudikira. Funsani ngati angakupangireni kubweza motsata nyengo yokolola. Ndipo musakopeke ndi nkhongole ya dola chifukwa peresenti yake ndi yochepa, ngati malonda anu ndi a kwacha. Amene anabwereka dola ili pa K16 mu 2022 ankabweza ili pamwamba pa K25 mu 2024. Nkhongole ya dola ndi ya amene amalandira dola, monga eni malo ogona alendo ku Mfuwe.

aDaka, Petauke
Pali china chimene sitinakhudze: mavaneti anasowa, ndipo chosowa sichitsika mtengo. Mu 2021 ndi 2022 mafakitale a magalimoto padziko lonse anasowa tizipangizo ta kompyuta, ma chip, chifukwa cha Covid-19. Vaneti ya masiku ano ikasowa kachipangizo kamodzi siituluka pageti. Mu Epulo 2022 madzi osefukira analowa mu fakitale ya Toyota ku Durban, ndipo inatsekedwa pafupifupi miyezi inayi. Anthu ankadikira Hilux miyezi yambiri, ndipo wogulitsa amene ali ndi mzere wa anthu sachotsera ngakhale K1. Zinthu zitabwerera m'malo, mitengo siinabwerere.

Opanga nawonso amafuna kubweza zimene anaika. Mu 2021 Ford inalengeza kuti ikuika madola oposa biliyoni imodzi mu fakitale ya Silverton chifukwa cha Ranger yatsopano. Ndalama imeneyo ili mu mtengo wa Ranger iliyonse. Ndipo phindu lalikulu lili pa double cab ya mipando yachikopa, osati pa single cab yoyera ya mawilo achitsulo. Nchifukwa chake zapansi zikutha. Nissan inasiya kupanga NP200 mu Malichi 2024, kavaneti kakang'ono kaja konyamula katundu wosafika tani imodzi. M'maganizo mwanga, wopanga akamajambula vaneti lero saganiza za munthu wonyamula nshawa ku Nyamphande. Amaganiza za migodi, mabungwe, boma, ndi bwana wa m'tauni amene kumbuyo kwake kumangokhala chikwama cha kusukulu cha mwana.

aMwale, Chiparamba
Ndiye munthu wofuna chonyamulira zokolola alowere kuti? Yakale ya ku UK?

aZulu, makanika wa ku Kapata
Ya ku UK isamalitseni pawiri. Kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira, ndiye chasisi imadyeka kuchokera mkati. Penti wakuda wonyezimira pansi pa galimoto yakale ndi chizindikiro chokayikitsa. Lowani pansi ndi nyundo yaing'ono, gogodani pamene kabini imalekezera ndi pogwirira masipuling'i akumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira ngo, chodyeka chimalira ngati chikatoni. Chachiwiri, za Euro 5 ndi Euro 6, malamulo a utsi a ku Ulaya, zili ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, ndipo zambiri za Euro 6 zimafunanso AdBlue, madzi apadera oyeretsera utsi. DPF imadziwotcha yokha galimoto ikathamanga ulendo wautali injini itatentha. Ikamangozungulira pakati pa Kapata ndi Down Shops imatsekeka, mphamvu imadulidwa, ndipo dizilo wotsalira amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa dipisitiki m'malo motsika, dziwani kuti ndi zimenezo. AdBlue ikatha, galimoto ikazimitsidwa siilira mpaka muthire ina, ndipo ku Chasefu simuipeza.

aJere, ejenti wa pa Mwami
Pa zakale, kumbukiraninso kuti zimafuna kuyezedwa zisanakwere sitima, pansi pa malamulo a ZCSA, bungwe loona za miyezo, apo ayi mulipira chilango pa boda. Yogula ku South Africa ibwere ndi chiphaso cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti siyobedwa, kuno ikadutse ku Interpol, kenako RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, ikupatseni white book, chiphaso cha umwini. Njira nayonso iwerengeni. Ya pa Dar es Salaam imalowera pa Nakonde, kutali ndi ife. Ya pa Beira imatha kulowera pa Chanida, pafupi ndi Katete. Funsani mtengo wa doko lililonse musanasankhe.

aBanda, Lundazi
Ine ndinganene kuti funso liyambire pa katundu, osati pa dzina la galimoto. Single cab imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo tani imeneyo ikuphatikiza dalaivala, anthu okwera, ndi zitsulo za m'mbali zimene mwawotcherera. Ndiye ndi matumba 18 mpaka 20 a makilogalamu 50. Double cab ikakhala ndi anthu asanu mkati, kumbuyo kwatsala malo a matumba 10 kapena 12. Timaona anthu akuika 35. Chimachitika nchiyani? Masipuling'i amawongoka nkuthyoka pa bawuti ya pakati, mabeyaring'i a mawilo akumbuyo amatentha, klatchi imapsa pokwera chitunda, mabuleki sagwira potsika. Ena amawonjezera masamba a sipuling'i nkumati athana nazo. Sipuling'i ikalimba, nkhonya yonse ya msewu imapita ku chasisi, imene imapindika pakati pa kabini ndi bodi, makamaka katundu akalendewera kumbuyo kwa ekiselo.

Ngati ntchito yanu ndi kutuntha chimanga ndi soya kupita kudepoti, Canter kapena Dyna ya matani atatu yochokera ku Japan imanyamula matumba 60 ulendo umodzi, pamene vaneti iyenda katatu. Zoipa zake: ikadutsa makilogalamu 3,500 a kulemera konse imafuna laisensi ya C1, ya B siikwana, ndipo zambiri zilibe 4x4. Mu Febuluwale pa dambo imangozungulira mawilo. Koma zokolola timatuntha nthawi ya chilimwe.

Amake Tamanda, Katete
Matayala musawaiwale. Single cab ya ntchito imavala 195R15C kapena 205R16C, amene amapezeka paliponse ndipo ali ndi khoma lolimba. Double cab ya pamwamba imabwera ndi 265/60R18. Khoma lake ndi lalifupi, chitsa chimodzi cha m'munda chimaling'amba m'mbali, ndipo tayala long'ambika m'mbali silimatidwa. Funsani mtengo wa matayala anayi musanafunse mtengo wa galimoto.

aDaka, Petauke
Mpata umene Toyota, Ford ndi Isuzu asiya pansi akuulowa ndi a ku China ndi India: GWM, JAC, Foton, ndi Mahindra Pik Up imene imalumikizidwa ku Durban kuyambira 2018. Mtengo wogulira ndi wotsikadi, ndipo sindizinyoza, zina zalimba pa ntchito. Koma musanasaine chitani chinthu chimodzi. Lembani zinthu zisanu ndi chimodzi: sefa ya dizilo, sefa ya oyilo, mapadi a mabuleki, klatchi yonse, ball joint, ndi galasi lakutsogolo. Yendani nazo m'mashopu a masipeya a mu Chipata mufunse ngati zili pa shelefu lero, osati zoitanitsa. Chimene chili ku Lusaka kokha ndi masiku awiri pa basi. Chimene chili ku Johannesburg ndi masabata. Vaneti yoima mu Juni, nthawi yogula nshawa, imataya ndalama yoposa imene munapulumutsa. Kenako funsani mtengo wa yazaka zisanu ya mtundu womwewo pamsika, muyerekeze ndi Hilux kapena D-Max yazaka zisanu. Kusiyana kumeneko nakonso ndi mtengo, kungoti mumaulipira tsiku logulitsa.

aTembo wowerengera ndalama
aDaka anena chenicheni. Masamu oyenera ndi awa: mtengo wogulira, kuphatikiza chiwongoladzanja, inshuwalansi, msonkho wa msewu, dizilo, sevisi ndi matayala a zaka zisanu, kuchotsapo mtengo wogulitsira. Chotsalacho mugawe ndi matumba amene idzanyamule m'zaka zisanuzo. Mukapeza kuti thumba limodzi likukudyerani kuposa mmene mwini Canter wa hayala amalipiritsira, ndiye kuti hayala ikukukomerani.

aMwale, Chiparamba
Mwatitsegula m'maso abale. Funso lomaliza: amene waganiza zogulabe yatsopano, pa pepala la mtengo ayang'ane chiyani?

aJere, ejenti wa pa Mwami
Ayambe ndi ndalama imene mtengo walembedwamo. Ngati watsamira pa dola, afunse kuti mtengo wosinthira ndi wa tsiku loika dipoziti kapena wa tsiku lotenga galimoto. Pa madola 45,000, dola ikakwera ndi K1 yokha, mwawonjezera K45,000. Aone masiku amene pepalalo likugwira ntchito, ndiponso ngati galimoto ili kale m'dziko kapena ikadali panjira. Ya panjira msonkho wake sunatsekedwe. Afunse ngati mtengowo ukuphatikiza VAT, kulembetsa ku RTSA, manambala, ndi kuibweretsa kuno, makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka.

aZulu, makanika wa ku Kapata
Ndipo afunse kuti sevisi ya waranti idzachitikira kuti. Hilux imafuna sevisi pa makilomita 10,000 aliwonse. Ngati mtundu umene wasankha ulibe galaja yovomerezeka kuno ku Chipata, ulendo umodzi wa ku Lusaka ndi kubwerera ndi makilomita 1,140, kuposa gawo limodzi mwa khumi la mtunda wa pakati pa masevisi awiri, kuphatikiza dizilo ndi malo ogona. Alembetsenso papepala ngati kuika sefa yachiwiri ya dizilo, zitsulo za m'mbali mwa bodi, kapena chokokera ngolo sikudzapha waranti, ndipo wogulitsa asainepo asanawotcherere chilichonse pa chasisi.